Mkonono Ukaduka Pakati pa Usiku: Thandizo kwa Obanika Kutulo

[KANYIMBO KOTSEGULIRA, KATSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

WOLENGEZA: Nthawi ya zaumoyo yakwana. Lero pulogalamuyi ikukamba za matenda obanika kutulo ndi njira zothandizira munthu amene ali nawo.

Mwezi wa Okutobala ku Highlands, mumzinda wa Livingstone, anthu amagona mawindo ali pululu chifukwa cha kutentha. Wodutsa mumsewu usiku amamva agalu, amamva mafani, amamvanso mkonono. M'makomo ambiri mkonono ndi nkhani yosekana pa tiyi wam'mawa. Koma mayi amene mwamuna wake ali ndi matendawa saseka nawo, chifukwa amaudziwa kayendedwe kake. Umayamba pansipansi, ukwera, ukwera, kenako uduka. Zii. Chifuwa cha bambo chikukoka, mimba ikudukula, koma mpweya sukulowa. Mayi ali tsonga pabedi, akuwerenga chamumtima: masekondi 10, 15, 20. Mwadzidzidzi bambo aphulika ngati munthu wovuuka m'madzi akuya, atafunatafuna malovu, mkonono n'kuyambiranso.

"Bambo, tembenukani, mukubanika."

"Aaa, mayi, ine ndagona bwinobwino. Mwina mumalota ndinu."

Bamboyo sakunama. Sakukumbukiradi chilichonse. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma matenda awa ali ndi khalidwe lina: wodwala samva kanthu, womva ndi amene wagona naye pafupi. N'chifukwa chake nthawi zambiri thandizo limayamba ndi mkazi, mwamuna, mwana kapena mnzake wa m'chipinda amene walimba mtima kunena zomwe waona.

Chimachitika n'chiyani pakhosipo? Njira ya mpweya kuseri kwa lilime ilibe fupa loichirikiza. Imakhala yotseguka chifukwa minofu ikuigwira. Munthu akagona minofuyo imalefuka, lilime limagwera m'mbuyo, ndipo ngati njirayo ndi yopapatiza kale, imamatana monga momwe kapaipi kofewa kamaphwatalalira munthu akamakoka nako maheu olimba. Okosijeni amatsika m'magazi, ubongo umadzidzimuka, mtima umagunda mothamanga, munthu amagalamuka kwa kamphindi kuti apume, kenako amabwerera kutulo osadziwa kuti anadzuka. Madokotala amawerenga kubanika kulikonse kotenga masekondi 10 kapena kuposa. Kukachitika kasanu mpaka ka 14 pa ola, matenda ndi ochepa. Ka 15 mpaka ka 30 ndi apakatikati. Kupyola ka 30 pa ola ndi aakulu, ndipo alipo odwala amene amabanika kambirimbiri kuposa pamenepo usiku wonse.

Dokotala Christian Guilleminault ndi anzake a ku yunivesite ya Stanford ku America ndi amene anawapatsa matendawa dzina lomwe akudziwika nalo lero, m'zaka za m'ma 1970. Mu 2019 magazini ya zachipatala ya The Lancet Respiratory Medicine inafalitsa chiwerengero chakuti anthu pafupifupi 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 padziko lonse ali nawo, ndipo mwa iwo 425 miliyoni ali ndi apakatikati kapena aakulu. Ambiri sanayezedwepo.

Masana matendawa amavala nkhope ina. Munthu amadzuka kukhosi kuli gwa, mutu ukuwawa, thupi lili lolemera ngati sanagone. Usiku amapita kokodza kawirikawiri. Amasinza m'tchalitchi, pamaliro, pamsonkhano wa kuntchito, ngakhale pamene mlendo akumulankhula. Amaiwalaiwala, amakwiya msanga, ndipo chilakolako cha m'banja chimazilala. Amayi, makamaka amene anasiya kusamba, nthawi zina sadandaula za mkonono koma za kutopa, kusowa tulo ndi kukhumudwa. Pakapita zaka, matendawa amayendera limodzi ndi BP yosamva mankhwala, shuga, kugunda kosokonekera kwa mtima ndi sitiroko.

Ku Livingstone pali chifukwa china chowaopera. Uno ndi mzinda wa mawilo. Mathiraki amachokera ku mlatho wa Kazungula, womwe unatsegulidwa mu Meyi 2021, ena amachokera kumalire a Victoria Falls, n'kulowera msewu wautali wodutsa Zimba, Kalomo, Choma, Monze ndi Mazabuka mpaka ku Lusaka. Madalaivala a mataxi ndi a magalimoto onyamula alendo amadzuka mbandakucha. Kafukufuku wophatikiza zotsatira za m'mayiko angapo, yemwe anatuluka mu 2009, anapeza kuti dalaivala wa matendawa amachita ngozi mowirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi mnzake amene alibe. Dalaivala amene amatafuna chingamu, kutsegula windo ndi kudzitsina kuti asasinze pachiwongolero akufunika kuyezedwa, ndipo asayende ulendo wautali mpaka atathandizidwa.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOLENGEZA: Kuyeza kumayambira pakhomo. Foni ya m'manja ndi mboni yabwino: wogona pafupi ajambule mawu kapena vidiyo kwa mphindi zingapo, makamaka pamene mkonono ukuduka. Dokotala akaona zimenezo amamvetsa msanga kuposa akamangouzidwa.

Pali mafunso 8 omwe Dokotala Frances Chung ndi gulu lake ku Toronto, ku Canada, anakonza mu 2008, otchedwa STOP-Bang. Kodi munthuyu amaliza mkonono waukulu womveka chitseko chili chotseka? Amatopa kapena kusinza masana? Alipo anamuona akusiya kupuma? Ali ndi BP? Ndi wonenepa kwambiri? Wapitirira zaka 50? Khosi lake limaposa masentimita 40? Ndi wamwamuna? Tepi ya telala ndi yokwanira kuyezera khosi. Mayankho a inde akafika atatu, ndi bwino kukaonana ndi achipatala. Akafika asanu, chiopsezo ndi chachikulu.

Njira yake ndi yomwe anthu amaidziwa kale: kuyamba ku kiliniki ya m'dera, kumeneko n'kulandira kalata yopita ku chipatala chachikulu, Livingstone University Teaching Hospital. Dokotala amayeza BP, shuga ndi kulemera kwa thupi, amasuzumira m'mphuno ndi kukhosi, ndipo nthawi zina amayeza magazi kuti aone ngati chithokomiro chikugwira bwino ntchito, chifukwa chikafooka chimathandizira kubanika. Chotsimikizira matenda ndi kuyeza tulo usiku wonse, munthu atavala timawaya tojambula kapumidwe, okosijeni ndi kugunda kwa mtima. Pali timakina tina ting'onoting'ono tomwe wodwala amagona nato kunyumba kwake. Zipangizo zoterezi n'zosowa kum'mwera kwa Africa kuno ndipo zimapezeka makamaka m'mizinda ikuluikulu ndi m'zipatala zolipira, choncho ndi dokotala amene angalondolere wodwala kumene angazipeze. Wolembetsa ku inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA afunsiretu kuti ndi ziti zomwe inshuwalansiyo ilipire asanayambe ulendo.

Tsono thandizo. Palibe njira imodzi yokwanira onse, chifukwa chotseka khosi chimasiyana munthu ndi munthu. Kwa wina ndi mafuta, kwa wina ndi chibwano chaching'ono cholowa m'kati, kwa wina ndi matonsilo, kwa winanso ndi mphuno yotsekeka. Munthu woonda nayenso amadwala matendawa.

Njira yoyamba, kwa onenepa, ndi kuchepetsa thupi. Mafuta samangokhala pamimba. Amalowanso m'lilime ndi m'mbali mwa khosi. Kafukufuku wa ku Wisconsin, ku America, yemwe anafalitsidwa mu 2000, anatsatira anthu kwa zaka zingapo n'kupeza kuti thupi likatsika ndi 10 peresenti, kubanika kumachepa ndi 26 peresenti, ndipo likakwera ndi 10 peresenti, kubanika kumachuluka ndi 32 peresenti. Kwa bambo wa makilogalamu 100, zimenezi zikutanthauza makilogalamu 10. Safunikira zakudya zachilendo. Mitanda ya nsima ichepe, nkhwani, therere, bonongwe ndi nyemba za pamsika wa Maramba zichuluke m'mbale, zakumwa zotsekemera ndi zitumbuwa zikhale za apo ndi apo. Kuyenda ndawala m'mawa dzuwa lisanawawe kumathandiza ngakhale sikelo isanayambe kusuntha.

Yachiwiri ndi kagonedwe. Anthu ambiri amabanika kwambiri akagona chagada, chifukwa lilime limagwera kukhosi. Kugona cham'mbali kumatsegula njira. Vuto n'lakuti munthu ali m'tulo sadziwa kuti watembenuka. Nzeru yakale yomwe madokotala amaperekabe ndi kusokerera kathumba kumsana kwa malaya ogonera n'kuikamo mpira wa tenisi. Akati agone chagada, mpira umamusautsa, amabwerera m'mbali. Kukweza kumutu kwa bedi ndi njerwa kumathandizanso. Njira imeneyi ndi ya amene kubanika kwawo kumadalira kagonedwe. Kwa odwala kwambiri siikwanira yokha.

Yachitatu ndi kupewa zolefula minofu. Mowa wa madzulo, kaya ndi wa m'botolo, chibuku kapena kachasu, umafewetsa khosi ndi kuchedwetsa ubongo kudzidzimuka, motero kubanika kumatalika. Mayi wa ku Highlands uja amadziwa kale kuti usiku wa Lachisanu ndi woopsa kuposa wa Lachiwiri. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam ndi mankhwala amphamvu opha ululu monga morphine ndi codeine amachita chimodzimodzi. Pali msampha apa: munthu akuona kuti sakukhuta tulo, agula mapiritsi ogonetsa, osadziwa kuti akuwonjezera ngozi. Fodya nayenso amatupitsa m'mphuno ndi kukhosi. Amene mphuno yake imatsekeka nyengo ya fumbi ndi mphepo apemphe mankhwala oyenera kuchipatala, chifukwa madontho otsegula mphuno ogula okha, akagwiritsidwa ntchito masiku ambiri, amatseketsa mphuno kuposa kale.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOLENGEZA: Kwa amene matenda awo ndi apakatikati kapena aakulu, thandizo lodalirika kwambiri ndi makina a CPAP. Mbiri yake ndi yochititsa chidwi. Kale, wodwala kwambiri ankabooledwa pakhosi kuti azipumira pabowo. Mu 1980, Dokotala Colin Sullivan wa ku Sydney, ku Australia, anayesa nzeru ina pa wodwala amene anakana opaleshoni imeneyo. Anatenga injini yofanana ndi ya makina opopa fumbi m'nyumba, n'kuikonza kuti iziuzira mpweya m'mphuno kudzera m'mapaipi. Mpweya utafika mlingo woyenera, kubanika kunaleka usiku womwewo. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu The Lancet mu 1981.

Amayi amene anagonapo m'wodi ya ana obadwa masiku asanakwane mwina dzinali analimvapo. Ku Malawi, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi yunivesite ya Rice ya ku America anapanga makina otsika mtengo a makanda otchedwa Pumani. Nzeru yake ndi yapachibale, koma makina a akuluakulu obanika kutulo ndi ena.

CPAP wa munthu wamkulu ndi kabokosi kokwana pakatebulo ka m'mbali mwa bedi, kokhala ndi paipi ndi chigoba chovala pamphuno kapena pamphuno ndi pakamwa. Si botolo la okosijeni, ndipo sapumira munthu. Amangokoka mpweya wa m'chipinda momwemo n'kuukankha pang'onopang'ono kuti khosi lisamatane, monga momwe mpweya umaimikira chubu cha njinga. Mphamvu yake amaikha ndi achipatala malinga ndi wodwala, ndipo makina ena amadzisintha okha usiku. Akakhala bwino, mkonono umatha, kusinza kwa masana kumachepa m'masiku ochepa, BP imatsikako, ndipo ngozi za pamsewu zimachepa.

Koma CPAP sachiza ngati jakisoni. Amagwira ntchito usiku womwe wavalidwa basi. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Kafukufuku wamkulu wotchedwa SAVE, wofalitsidwa mu 2016, anatsatira odwala mtima oposa 2,700. Amene anapatsidwa makina anachepetsa kusinza masana ndipo moyo wawo unakoma, koma matenda a mtima ndi sitiroko sanachepe. Pomwepo zinaonekanso kuti ankawavala maola 3.3 okha pa usiku. Madokotala amawerengera maola anayi ngati mlingo wotsikitsitsa; cholinga chenicheni ndi usiku wonse.

Masiku oyambirira ndi ovuta. Chigoba chimathina, mpweya umathawira m'maso, mphuno imauma, wina amachita manyazi pamaso pa mkazi wake. Zonsezi zili ndi pothera. Zigoba zilipo zamitundumitundu, ndipo chokana mmodzi chimakwanira wina. Kuvala chigoba masana pomvera wailesi kumazoloweretsa nkhope. Kathanki ka madzi komwe kamanyowetsa mpweya kamathetsa kuuma kwa mphuno, ndipo mumathiridwa madzi oyeretsedwa mwapadera ogula ku famase. Chigoba chitsukidwe ndi sopo wofatsa, ndipo kasefa kayang'anidwe pafupipafupi, chifukwa mchenga ndi fumbi la ku Livingstone sizichedwa kukadetsa. Mawu a mnzake wa m'nyumba amalemera kwambiri pa nthawi imeneyi. Bambo amene mkazi wake amamukumbutsa mwaulemu kuti, "Bambo, mwaiwala kuvala," amapitiriza kusiyana ndi amene akusekedwa.

Funso lomwe aliyense wa mumzinda uno angafunse ndi la malaiti. Chilala cha 2024, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu Febuluwale chaka chimenecho, chinaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo makomo ambiri ankakhala mumdima mbali yaikulu ya tsiku. Wogula CPAP aganizire zimenezi asanatulutse ndalama. Mwayi wake, makinawa sadya magetsi ambiri, makamaka chotenthetsera madzi chikazimitsidwa. Batire yabwino ndi invata, kapena sola ya panyumba, imatha kuwayendetsa usiku wonse. Magetsi akazima munthu ali m'tulo, sabanika ndi chigoba, chifukwa chili ndi timabowo totulutsira mpweya, amadzuka n'kuchivula. Usiku umenewo agone cham'mbali.

Chenjezo lina ndi la makina a salaula, ogula pa intaneti kapena otumizidwa ndi achibale akunja. Mu Juni 2021 kampani ya Philips inaitanitsa makina ake mamiliyoni angapo chifukwa siponji ya m'kati mwake inkatha kuperepeseka n'kulowa m'njira ya mpweya. Makina ogwiritsidwapo kale ntchito ayenera kuonedwa ndi wodziwa, chigoba ndi paipi zikhale zatsopano, ndipo mphamvu ya mpweya iikidwe mogwirizana ndi wodwala watsopanoyo.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOLENGEZA: Pali njira ina yosafuna magetsi. Ndi kachipangizo ka pulasitiki kovala m'mano usiku, komwe kamakankhira chibwano cham'munsi kutsogolo pang'ono, lilime n'kutsatira, khosi n'kutseguka. Kamathandiza kwambiri amene matenda awo ndi ochepa kapena apakatikati, ndi amene alephereratu CPAP. Dalaivala wogona m'thiraki pamalire angakanyamule m'thumba. Kabwino ndi kopangidwa ndi dokotala wa mano atayeza kamwa la munthuyo. Pamafunika mano okwanira ndi nkhama zolimba, ndipo wovala azibwerera kukaonedwa, chifukwa nthawi zina nsagwada zimawawa ndipo mano amasuntha. Masewera olimbitsa lilime ndi khosi, omwe ofufuza a ku São Paulo, ku Brazil, anawayesa mu 2009, amathandizirako pamodzi ndi njira zinazi.

Opaleshoni ndi ya amene dokotala wa makutu, mphuno ndi khosi wapeza chotchinga chooneka: matonsilo akuluakulu, fupa la m'mphuno lopindika, kapena zomera za m'mphuno. Opaleshoni yochotsa mnofu wa kumbuyo kwa kamwa, yomwe Dokotala Shiro Fujita anaitchukitsa ku Detroit mu 1981, imachepetsa mkonono mwa ambiri koma sithetsa kubanika mwa onse, choncho munthu ayezedwenso pambuyo pake. Palinso opaleshoni yaikulu yosunthira nsagwada kutsogolo. Kudula kanyama kolendewera kukhosi kwa asing'anga si thandizo la matendawa. Kumabweretsa kutaya magazi ndi mabala oola. Ndipo aliyense wobanika kutulo amene akupita ku opaleshoni iliyonse auze dokotala wogonetsa, kuti amuyang'anire mwapadera.

Kwa ana nkhani ndi yosiyana, ndipo ndi yopatsa chiyembekezo. Mwana woliza mkonono usiku uliwonse, wogona kukamwa kuli yasa, wotuluka thukuta, wokodza pogona atakula kale, wosakhazikika m'kalasi, kawirikawiri vuto lake ndi matonsilo ndi timinofu ta kuseri kwa mphuno. Ana otere sasinza masana ngati akuluakulu. Amavuta, ndipo ena amakwapulidwa pa mlandu wa tulo. Mu 2013, kafukufuku wa ku America wotchedwa CHAT anayang'ana ana 464 a zaka 5 mpaka 9. Mwa ochitidwa opaleshoni yochotsa matonsilo, 79 peresenti anayamba kupuma bwino kutulo. Mwa amene anangoyang'aniridwa kwa miyezi 7, 46 peresenti anachira okha. Choncho si mwana aliyense wofunika mpeni, koma aliyense woliza mkonono tsiku ndi tsiku aonedwe, makamaka wa sickle cell, yemwe kutsika kwa okosijeni kumamuvulaza msanga.

Kunja kukubwera zatsopano. Mu 2014 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza kachipangizo koikidwa pansi pa khungu la pachifuwa, komwe kamagwedeza mtsempha wa lilime kuti lisagwere m'mbuyo. Mu Disembala 2024 linavomereza jakisoni wa tirzepatide kwa akuluakulu onenepa a matendawa. Ndi mankhwala oyamba kuvomerezedwa pa matenda amenewa, ndipo amathandiza pochepetsa thupi. Zonse ziwiri n'zokwera mtengo, ndipo majakisoni ochepetsa thupi ogulitsidwa pa WhatsApp popanda dokotala ndi owopsa.

M'nyumba ya ku Highlands ija, ntchito ya sabata ino ndi yaing'ono. Mayi ajambule mkonono pafoni usiku uwiri kapena utatu. Tepi ya telala izungulire khosi la bambo, nambala ilembedwe papepala limodzi ndi mayankho a mafunso 8 aja, mayina a mapiritsi onse omwe akumwa, ndi malo omwe anasinzapo masana mwezi uno. Malaya akale asokedwe kathumba kumsana. Tsiku lopita ku kiliniki apite onse awiri, chifukwa achipatala akafunsa kuti kupuma kumaima kangati ndipo kwa nthawi yaitali bwanji, woyankha adzakhala mayi.

Nthawi yatha.

[KANYIMBO KOTSEKERA]